Chipata Chokhota

Alamu anga, akazi a achimwene, si munthu wolankhula kawiri. Ndiye tsiku limene anabwera ku saluni kwanga n'kungokhala pa benchi, chikwama chili pamwendo, mpaka kasitomala womaliza atatuluka, ndinadziwiratu kuti madzi afika m'khosi.

"Alamu, sukulu ikangotsekera ndikutenga mwana, ndikupita kwathu," anatero. "Ndayamba kuuza inu chifukwa ndinu amene mungandimvetse."

Ndinawamvetsadi, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima. Akanakhala mkazi woipa bwenzi nditawatukwana bwinobwino n'kukagona tulo tabwino. Koma mayi ameneyu anali atapirira nthawi yaitali ndi mwamuna wosatuluka m'chipinda.

Achimwene ndi mmisiri wowotcherera zitsulo. Mageti ambiri a mumsewu wathu, zitsulo za m'mawindo, zitseko za magolosale, zonsezo ndi manja awo. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba, m'kati mwa mpanda womwewo. Tsiku lina masanasana kunabwera amuna ovala bwino, ati akufuna geti la galaja. Achimwene anawatsegulira okha, akuseka, mpaka kuwapukutira mipando. Anthu aja anawamenya m'mutu ndi chitsulo cha iwo eni, kuwamanga ndi waya, n'kutenga zonse zimene anatha kunyamula. Bala linapola bwino. Koma amene anabwerako kuchipatala anali munthu wina, wokhala pa bedi moyang'ana chitseko, nsapato zili kuphazi, makatani ali otseka. Munthu akagogoda pa geti, thukuta kamukamu.

Mwana wawo timamutcha Kachiwala chifukwa satha kuyenda osadumpha, koma m'nyumba ya bambo ake mwanayo anaphunzira kuyenda monyang'ama. Makasitomala anadikira, anatopa, anapita kwina. Alamu ndi amene ankadyetsa banja ndi ntchito yawo ya ku fakitale yosoka mayunifolomu, akaweruka n'kuyamba ntchito ina yonyengerera bambo wamkulu kuti akasambe.

"Mundipatse mpata umodzi wokha," ndinawapempha. "Ndikawatulutsa m'nyumba muja, mukhala?"

"Akatuluka n'kuyambanso kukhala ngati munthu, ndipitirenji? Mukuganiza kuti ndikufuna?"

Namwino wina anali atatiuza kuti munthu wotere sumuponya mumsika. Umayamba ndi malo a phee, opanda khamu, pamene angaone patali. Malo oterowo m'tauni muno uwapeza kuti? Yankho linabwera ndi kasitomala wanga wina, mphunzitsi, mutu uli m'chowumitsira tsitsi. Anati kumidzi, kutali ndithu ndi tauni, kuli phiri lina limene amapitako ndi ana a sukulu nthawi zina. Masiku ena onse kumakhala mbuzi zokhazokha, ndipo ukafika pamwamba umaona dziko lonse. Ine ndinamva zoti kulibe anthu, ndinamva zoti umaona patali, basi. Zoti ana a sukulu amakaonako chiyani sindinafunse. Paja safunsa anadya phula.

Loweruka lotsatira aneba athu a takisi analowetsa galimoto chammbuyo mpaka pakhomo penipeni. Tinayamba kunyengerera dzuwa likutuluka, tinanyamuka litakwera. Ine ndinalalata, alamu anapempha, zonse kugwa pamwala. Amene anatha nkhaniyo ndi Kachiwala. Anakhala pansi pakhomo la chipinda, nsapato zake zatsopano zili kuphazi, n'kunena kuti, "Adadi, inu mukapanda kupita nanenso sindipita." Achimwene anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaimirira ngati nkhalamba.

M'galimoto anakhala pakati, ine uku, alamu uko. Njira yonse sanayang'ane kunja. Ankayang'ana timaloko ta zitseko, kenako khosi la aneba, kenako timaloko. Phula linatha, tinalowa msewu wafumbi, minda yokololedwa kale mbali zonse. Aneba anayesa nthabwala ziwiri, zitagwa pansi anangokweza wailesi.

Galimoto tinaisiya patsinde pa phiri, pafupi ndi kanyumba kosasuka denga ndi chikwangwani chosupuka utoto. Aneba anati iwo miyendo yawo ndi matayala, atidikira pamthunzi. Tinayamba kukwera kanjira ka mbuzi, udzu wouma ukutikwapula m'mawondo. Kachiwala patsogolo, alamu ndi basiketi, achimwene pakati atagwira chigongono changa mwamphamvu moti chala chilichonse ndinkachimva pachokha.

Chapakati pa phiri njira inatsekeka. Patsogolo pathu panali chingalande chakuya, chomera udzu ndi zitsamba, ndipo kutsidya kwake chimtumbira cha dothi chotalika kuposa nyumba. Zonse ziwiri zinazungulira phiri lonse ngati lamba. Kumtunda kwake kunkaoneka mtumbira wina. Panali kachikwangwani kena, ndipo Kachiwala anakawerenga mokweza, akugunda chilembo chilichonse ndi chala. Linali linga la anthu akale kwambiri. Anakumba ndi manja ndi timakasu pofuna kudziteteza kwa adani. Kuti anali ndani ndipo anathera kuti, sizikudziwika.

Achimwene anasiya chigongono changa. Ndinati basi zayambika, tiwanyamula bwanji kutsika phiri lonseli. Koma iwo anayenda okha mpaka m'mphepete mwa ngalande, anayang'ana pansi, anayang'ana mtumbira, kenako anakhala pansi n'kutsetsereka ndi matako mpaka m'kati.

"Iwe, tabwera udzaone," anandiitana.

Mawu amenewo ndinali nditawaiwala. Anali mawu awo a ku shedi, okweza, ozolowera kupikisana ndi phokoso la makina.

"Taona nzeru apa. Dothi limene anakumba muno ndi lomwelo anaunjika apo. Ntchito imodzi, zotchinga ziwiri. Munthu atsike kaye, ndiye akwere kawiri. Akafika pamwamba mpweya watha." Anamenya khoma la ngalande ndi chikhatho ngati mmene amamenyera geti akamaliza kuliwotcherera. "Awa anali amisiri. Awa sankasewera."

Alamu anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumbali, kuopa kuti tikayang'anana nthawi yaitali chinthucho chithawa.

Tinatsata ngalande mpaka tinapeza polowera. Ine ndikanangodutsa osaona kanthu, koma achimwene anaima kukamwa yasa. Mapeto awiri a mtumbira sanakumane maso ndi maso ngati mizati ya geti. Amodzi anapitirira kutsogolo kwa anzake, n'kusiya kanjira kopapatiza pakati, kokhotera kumanzere kenako kumanja.

"Mayi ake, mukuona?" anatero kwa alamu, maso akuwala. "Pano sungalowe molunjika. Ukhote, uyende chammbali, mmodzimmodzi. Mwini wake ali pamwamba apo, akukuona manja onse awiri. Ngati wabisa chitsulo wachiona kale usanapereke n'komwe moni."

Anakwera pamwamba pa mtumbira ndi manja ndi miyendo, munthu amene kwa miyezi yambiri ankalephera kufika pa geti lake. Atafika anaimirira, mphepo ikukupiza malaya.

"Bwerani! Ndinu adani! Lowani tione!"

Kachiwala anatola kamtengo n'kuthamangira m'kanjira kaja akukuwa. Bambo ake anayamba kumuponyera timibulu ta dothi. "Wafa! Bwerera! Wafanso!" Mwanayo ankagwa pansi, kutulutsa lilime, kudzuka, kuyambiranso. Kenako ndinamva achimwene akuseka, chikhakhali chenicheni chochokera m'mimba. Alamu anaika basiketi pansi n'kundigwira mkono. Ankalira osapukuta misozi, ndipo inenso ndinalira. Ndinkadziona ngati dokotala wamkulu, ine womanga tsitsi ine.

Pamwamba penipeni panali bwalo lalikulu lathyathyathya. Munali udzu, manyi a mbuzi, ndi maenje osaya ozungulira pamene mwina panali nyumba. China chilichonse munalibe. Koma kuona kokha unkaonadi patali, minda, mitsinje youma, msewu wathu wafumbi ngati ulusi. Tinayala nsalu, alamu anatsegula fulasiki ya tiyi, tinagawana buledi. Achimwene anadya n'kupempha wina. Kenako anayamba kuchotsa chisoso chimene chinamata pa siketi ya akazi awo, kamodzikamodzi, mofatsa, ndipo alamu anangowasiya achotse.

"Adadi, nanga anthuwo ali kuti?" anafunsa Kachiwala.

Achimwene anaimirira n'kuyamba kuzungulira m'mphepete mwa bwalo, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi. Anazimiririka kuseri kwa zitsamba, ndipo pobwerako nkhope inali itasintha pang'ono.

"Ndapapeza pamene analakwitsa," anatero. "Kuseri uko kuli kachipata kena, kolunjika. Kayenera kuti kanali kopitira kumadzi. Anachita ulesi. Analowera pamenepo."

"Analowa ndani?" ndinafunsa. "Chikwangwani chikuti sizikudziwika. Mwina anangosamuka, anatopa ndi kukwera phiri ndi mitsuko."

"Amalowa," anatero. "Ukangosiya mpata, amalowa."

Ndinamva ndithu. Koma munthu ukakondwa makutu amasankha zomva. Pobwerera achimwene anakhala pawindo, Kachiwala atagona pamiyendo pawo, ndipo anafotokozera aneba za ngalande ija njira yonse mpaka aneba anazimitsa wailesi.

Lolemba alamu anandiimbira foni ndili pakati pa mutu wa munthu. "Alamu, tamverani izi," anatero. Mufoni munkamveka kulira kwa makina odulira zitsulo. Ndinakuwa, ndinavina, ndinawotcha khutu la kasitomala ndi chipeso chamoto, ndipo anandikhululukira nditamufotokozera. Madzulo ake alamu anabwezera m'kabati zovala za mwana zimene anali atayamba kulongedza.

Anthu a mumsewu atamva phokosolo anabwera ndi ntchito zawo, wina wilibala yothyoka mwendo, wina mpando. Achimwene sanatsegulire aliyense. Ankayankhira m'kati kuti ali ndi ntchito yaikulu, abwere mwezi wamawa. Tinati palibe vuto, pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ntchito yaikuluyo inayamba kuoneka sabata isanathe. Anatenga zitsulo zonse zimene akuba aja anasiya, mageti a anthu osatha, malata a shedi, mpaka bedi lachitsulo la m'chipinda cha alendo. Kumbuyo kwa geti lawo anamanga kanjira ka makoma achitsulo, kokhotera kumanzere kenako kumanja, kokwana munthu mmodzi woyenda chammbali. Kumapeto kwake anaikako chitseko china cha mipiringidzo itatu. Pamwamba anayala sefa wa waya n'kumanga kansanja koimapo iwo. Atamaliza anawotcherera kachitseko ka kuseri kamene alamu ankatulukira pokataya zinyalala ndi pokacheza kwa aneba. Kenako anatenga pikisi n'kuyamba kukumba ngalande m'mbali mwa mpanda, kudutsa pakati pa kadimba ka alamu. Tomato ndi anyezi anakwiriridwa ndi dothi limene ankaunjika kutsidya.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ntchitoyo inali yokongola. Powotcherera posalala, mahinjesi osalira, penti yopaka kawiri. Munthuyo ankadzuka m'mamawa, kusamba osauzidwa, kudya mbale yonse, kugwira ntchito akuimba mluzu. Womuona pa mpanda akanati wachira. Ndinapita kwa namwino uja kukamufotokozera, iye anati tibwere nawo awaone. Ndinaseka mpaka anandiyang'ana ngati wodwala ndine.

"Achimwene, izi n'chiyani?" ndinawafunsa tsiku lina ali m'ngalande, dothi lili m'tsitsi. "Ndinakutengerani kuphiri kuti mukapitidwe mphepo, osati kuti mubwere nalo kunyumba."

"Unachita bwino, mlongo wanga," anatero, akupukuta thukuta. "Chaka chonse ndinkangoopa osadziwa chochita. Tsopano ndikudziwa."

Anandithokoza kuchokera pansi pa mtima, ndipo sindinamvepo kuthokoza kowawa chotero.

Tsiku lina alamu anachedwa ku fakitale, ndiye ndinakamutenga ine Kachiwala kusukulu. Njira yonse ankayenda mofinya miyendo, ati zimbudzi za kusukulu n'zauve, akakodzera kunyumba. Tinagogoda. Geti loyamba linatseguka ndi chingwe chokokera m'kati, tinalowa m'kanjira, linatsekeka kumbuyo kwathu. Malata anali atatentha ndi dzuwa la masana, m'katimo ngati mu uvuni. Achimwene anali pa nsanja, nkhope yawo ikuoneka kudzera mu sefa.

"Kwezani manja. Tembenukani."

"Achimwene, ndine!"

"Ndikudziwa kuti ndiwe. Nanga amene wakutsata?"

"Palibe amene watitsata!"

"Ngati palibe, kudikira pang'ono kukuvuta chiyani? Ngati alipo atopa, asuzumira."

"Adadi, ndikufuna kukodza," anatero Kachiwala.

"Pirira, mwanawe. Manja m'mwamba."

Ndinalalata. Ndinamenya chitseko ndi chikwama, ndinawatchula mayina amene mayi athu akanadzuka nawo m'manda. Iwo maso anali ku msewu, phee, ngati akumvera nyimbo yakutali. Nditatembenuka ndinaona madzi akutsika m'miyendo ya mwana, kulowa m'sokosi, kuyenderera pa simenti. Sanalire. Anangoima chomwecho, chikwama cha mabuku kumsana, manja ake onse awiri akadali m'mwamba.

Patapita kanthawi mipiringidzo inalira umodziumodzi. Achimwene anatsika pa nsanja, anamusisita mwana kumutu n'kunena kuti, "Wachita bwino. Waona, talowa tonse bwinobwino."

Alamu sanadikirenso kuti sukulu itsekere. Sindinawapemphenso mpata wina. Loweruka m'mawa aneba anaimika takisi kunja kwa geti, chifukwa galimoto sikanathanso kulowa, ndipo ine ndinabwera kudzathandiza kunyamula.

Sutikesi yaikulu inakana kukhota. Tinaiimika, tinaigoneka, tinaikankha, inangokakamira pa kona yoyamba. Alamu anagwada m'kanjira momwemo, anaitsegula, n'kuyamba kutulutsa zovala. Tinazinyamula m'manja, mtolo ndi mtolo, madiresi, mayunifolomu a mwana, matawulo, kudutsa nazo chammbali mpaka ku buti ya galimoto, anthu a mumsewu akuonerera. Achimwene anatithandiza. Ankapinda bwinobwino chovala chilichonse chimene chagwa, kuchisasa fumbi, kundipatsira. Sanafunse kuti mukupita kuti, sanati khalani. Sutikesi yopanda kanthu anaikokera m'kati n'kuiyang'ana, kenako anayang'ana kona ija.

"Mwaona, mayi ake?" anatero motsitsa mawu. "Ngakhale sutikesi siingadutse."

Alamu anawayang'ana nthawi yaitali. "Ndaona, bambo ake," anatero. Anawakonza kolala ya malaya, anagwira dzanja la mwana, n'kutuluka. Kachiwala anatembenuka pa kona kuti abayibitse, koma pamenepo khoma linali litawatchinga kale bambo ake.

Ndinaima m'kanjiramo ndikumva zitseko za galimoto zikutsekedwa, injini ikulira, phokoso likuchepa. Ndinali ndi makasitomala ondidikira, ndinali ndi nyumba yanga ya mawindo otsegula. Mtima unkandiuza kuti thawa, mkazi iwe, iwenso uli ndi moyo umodzi. Ndinali wokwiya, ndinali wotopa, ndipo chiyembekezo ndinalibe ngakhale chongonamizira.

"Iwe," anandiitana achimwene kuchokera pa chitseko cham'kati, dzanja lili pa mpiringidzo. "Ukulowa kapena ukutuluka? Ndikufuna kutseka."

Ndinalowa, chifukwa anali asanadye.